Kodi shelefu ya mabuku yogula m'katoni tingaiteteze bwanji kuti isapindike kuno kunyanja?

Funso la mphunzitsi wa ku Nkhotakota boma

Ndikupempha nzeru kwa amisiri a matabwa ndi kwa ena onse amene anasungapo mabuku m'mashelefu otsika mtengo aja ogulitsidwa ali m'katoni, amene munthu umakalumikiza wekha kunyumba. Ine ndine mayi wophunzitsa pasukulu ina ya sekondale kuno ku Nkhotakota, ndipo chaka chatha mvula isanayambe ndinagula mashelefu awiri otere ku Lilongwe, chifukwa mtengo wake unali wofikirika komanso kunali kosavuta kuwanyamula pa minibasi kusiyana ndi shelefu yokhomakhoma kale. Iliyonse ndi yotalika masentimita 180 kupita m'mwamba ndi masentimita 80 m'lifupi, ndipo ili ndi matabwa asanu oikapo mabuku, ochindikala mamilimita 16, okutidwa ndi chinthu choyera chosalala pamwamba ndi pansi.

Yoyamba ndinailumikiza nthawi yomweyo motsatira pepala la malangizo, n'kuikapo mabuku ophunzitsira, madikishonale, mafayilo ndi mapepala olembera mayeso. Pofika mwezi wa Epulo matabwa atatu apakati anali atapindika moti ndikagoneka lula yaitali pamwamba pake, chala chimalowa pansi pa lulayo popanda vuto. Kumunsi, pamene matabwa am'mbali amakhudza simenti, kwafufuma ndipo choyera chija chayamba kusendeka. Shelefu yonse yapendekekera kumanzere, ndipo kathabwa kopyapyala kakumbuyo kazuka pa misomali yake mbali imodzi. Nyumba imene ndikukhala ndi ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, yopanda siling'i, ndipo shelefuyo inatsamira khoma lakunja.

Yachiwiri ikadali m'katoni yake, ndipo sindikufuna kuti ione zimene yaona inzake. Mnzanga wina akuti ndizingotembenuza matabwawo pakapita miyezi ingapo, pamene wina akuti zinthu zam'katoni sizikonzeka, ndingozitaya n'kupita kwa kalipentala. Ndikufuna kudziwa chimene ndingachite pa yachiwiriyi ndisanaikepo buku lililonse, komanso ngati yoyamba ija ingapulumuke.

Yankho la kalipentala wa ku Kamuzu Road, Salima

Zikomo Mayi, ndipo mwachita bwino kutchula miyeso yonse, chifukwa popanda miyeso tikanangoyankha mongoganizira. Ndi bwinonso kuti katoni yachiwiriyo ikadali yosatsegula, popeza ntchito yambiri yolimbitsa shelefu yamtundu umenewu imayenda bwino matabwa asanalumikizidwe.

Matabwa amene muli nawowo sanachekedwe kumtengo monga timachitira ndi paini kapena bulugamu. Ndi a chipboard, opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo ndi utuchi zimene amasakaniza ndi guluu n'kuzipanikiza ndi makina otentha, ndipo choyera chapamwambacho ndi melamine kapena pepala lomata chabe. Thabwa la mtengo weniweni lili ndi mitsempha yoyenda kuchokera kumapeto kuno kukafika kumapeto uko, ndipo mitsempha imeneyi ndiyo imasenza katundu, pamene m'thabwa la chipboard tizidutswa tija tangogwirana ndi guluu. N'chifukwa chake thabwa lotere likasenza mabuku silithyoka msanga, koma limapindika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi ngakhale musawonjezerepo buku lina, ndipo kupindikako kumafulumira nyengo ya mvula pamene mpweya uli ndi chinyezi chambiri ngati wakuno kwathu.

Anthu akandibweretsera mashelefu otere, ine ndimacheka kathabwa ka paini wouma, kochindikala masentimita 2, kotambalala masentimita 4, kotalika pafupifupi mofanana ndi thabwa loikapo mabukulo, n'kukakhomera kunsi kwake chakutsogolo. Kathabwako kakhale koimika, mbali ya masentimita 4 ija iloze pansi, osati kogoneka. Mukayang'ana denga la nyumba yanuyo, popeza mwati ilibe siling'i, muona kuti matabwa osenza malata anawaimika cham'mbali, chifukwa thabwa lomwelo likagonekedwa limapindika msanga. Ngati mabuku a pathabwa lapansi ndi aatali moti kathabwako kangawatsekereze potulutsa, kasunthireni chapakati kapena chakumbuyo pang'ono, kagwirabe ntchito, bola kasakumane ndi tizitsulo tija tolowa m'mabowo am'mbali timene thabwa limakhalapo.

Pokhoma pali zinthu zimene sizilembedwa pa pepala la malangizo. Masikuluu alowe kuchokera pamwamba, adutse m'thabwa la chipboard n'kukaluma mu paini, osati kuchokera pansi kukathera mu chipboard, popeza utuchi wopanikizawo sugwira sikuluu kwa nthawi yaitali. Masikuluu a masentimita 4 ndi okwanira, ndipo muwatalikitse masentimita 15 kapena 20, mutayamba mwaboola kabowo kakang'ono paliponse kuti thabwa lisang'ambike. Guluu woyera wa matabwa sagwira pa melamine, amangouma n'kusendeka, choncho ngati mukufuna kuwonjezera guluu, yambani mwapala choyeracho ndi sandipepa wokhakhala pamzere wokhawo umene kathabwa kadzakhalepo, mpaka utuchi uonekere.

Kupendekeka kwa shelefu yoyambayo kwachokera kumbuyo. Kathabwa ka hardboard kaja, kamene nthawi zambiri kamakhala ka mamilimita 3, anthu amakaona ngati kongotchinga fumbi, koma ndiko kamagwira shelefu yonse kuti isapendekeke, ndipo misomali yake ikazuka palibenso china choiimitsa. Polumikiza yachiwiriyo, igonekeni chafufumimba pansi posalala, ndipo musanakhome msomali ngakhale umodzi, yezani ndi tepi kuchokera pangodya yakumanja yapamwamba kukafika yakumanzere yapansi, kenako muyeze ngodya ziwiri zinazo. Miyeso iwiriyo ikafanana ndiye kuti shelefu yakhala bwino, ndipo mukhoza kukhoma kuzungulira konse, misomali itatalikirana masentimita 10 kapena 15. Misomali imene imabwera m'katoni kawirikawiri imakhala yochepa, choncho guliranitu ina ku hadiweya. Ngati thumba likulola, chotsani hardboard n'kuikapo plywood ya mamilimita 6, imene siivuta kupeza chifukwa imapangidwa konkuno ku Malawi, ku fakitale ya Raiply ku Chikangawa. Ubwino wa plywood ndi wakuti mukhoza kulowetsa masikuluu kuchokera kumbuyo kukaluma m'mphepete mwa thabwa lililonse loikapo mabuku, ndipo thabwalo limakhala lagwiridwa kumbuyo konse pamene kathabwa ka paini kaligwira kutsogolo. Apanso yambani mwaboola, ndipo bowo likhale pakatikati pa kuchindikala kwa thabwa, chifukwa likapatukira m'mwamba kapena m'munsi sikuluu amatukumula melamine.

Tizitsulo tozungulira tija timene mumapotokola ndi sikuludilaiva kuti matabwa agwirane musatimange ndi mphamvu zonse, chifukwa bowo likangophwanyika silibwereranso. Timangeni mpaka tigwire, ndipo pakapita mwezi shelefu itasenza mabuku mudzatiyang'anenso.

Za kutaya zija sindikugwirizana nazo, ngakhale kuti kutayako kukanabweretsa ntchito kwa ife akalipentala. Shelefu ya paini wosauma, imene ena amakhoma matabwa atangotsika m'lole, nayonso imakhota ndi kupotoka, ndipo nthawi zina moposa ya m'katoni.

Yankho la mphunzitsi wa masamu wa ku Dwangwa

Bambo kalipentala anena zoona, ndipo ine ndingowonjezera masamu ake, chifukwa munthu akadziwa chimene chimakulitsa kupindika amasankha yekha poika ndalama zake zochepazo.

Tiyambe ndi kulemera, kumene ambiri timakupeputsa. Pepala limodzi la A4 la magalamu 80 pa sikweya mita limalemera magalamu 5, choncho limu imodzi ya mapepala 500 imalemera makilogalamu 2.5, ndipo ndi yochindikala pafupifupi masentimita 5. Mukaimika malimu otere kudzaza thabwa la masentimita 80, alowa pafupifupi 16, ndiko kuti makilogalamu 40 pathabwa limodzi. Mabuku wamba salemera kufika pamenepo chifukwa ambiri ndi aang'ono kuposa A4, koma mabuku a sekondale, madikishonale ndi mafayilo odzaza sakhala kutali kwenikweni. Poyerekeza, shelefu yodziwika kwambiri yamtunduwu padziko lonse, ya Billy imene kampani ya IKEA ya ku Sweden yakhala ikugulitsa kuyambira 1979, eni ake amalemba kuti thabwa lake la masentimita 80 lisasenze koposa makilogalamu 30. Choncho Mayi, mapepala olembera mayesowo achoke pamatabwa apakati.

Chinthu chimene chimalamulira kwambiri kupindika ndi mtunda wa pakati pa malo awiri amene thabwa latsamirapo. Thabwa lodzaza mabuku likatalika kawiri silipindika kawiri chabe, koma ka 16, chifukwa kutalikako kumachulukitsidwa kanayi pakokha. Masamu omwewo amagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo: mukaika chochirikiza pakati pa thabwa la masentimita 80, n'kukhala ngati muli ndi matabwa awiri a masentimita 40, kupindika kumatsika kufika gawo limodzi mwa magawo 16, mwinanso kucheperapo. Ngakhale kuchepetsa mtundawo kuchoka pa 80 kufika pa 60 kumasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kupindika kuja. Apa ndi pamene ndikusiyana pang'ono ndi Bambo kalipentala, chifukwa kwa munthu amene alibe choboolera kapena sadziwa kukhoma, chochirikiza chapakati ndi chosavuta ndiponso champhamvu kuposa kathabwa kakutsogolo. Mungocheka timatabwa totalika ndendende mofanana ndi mpata wa pakati pa thabwa lina ndi linzake, n'kutiimika pakati, pakati pa mabuku pomwepo. Koma timatabwato tiyenera kukhala pamzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pansi pa thabwa lomaliza muikenso kena kofika pa simenti. Mukachirikiza thabwa limodzi lokha, mwangosamutsira katundu wake pakati pa thabwa lapansi pake, ndipo ilo lipindika mofulumira kuposa kale.

Kuchindikala nako kuli ndi mphamvu, popeza kumachulukitsidwa katatu pakokha. Thabwa la mamilimita 18 limaoneka losasiyana kwenikweni ndi la mamilimita 16, koma limakana kupindika ndi pafupifupi 40 peresenti kuposa linzakelo, ndipo la mamilimita 12 limapindika koposa kawiri kuyerekeza ndi la 16. Amene simunagule, pitani kusitolo ndi lula m'thumba. Ena amasanjikiza matabwa awiri poganiza kuti alimbitsa kwambiri, koma matabwa awiri ongosanjikiza amalimba kawiri kokha, pamene akamatidwa ndi guluu paliponse kuti akhale ngati thabwa limodzi amalimba kasanu n'katatu.

Ndayesa kuwerengera kathabwa ka paini kamene atchula Bambo kalipentala, potenga thabwa loikapo mabuku kukhala lotambalala masentimita 25 ndiponso podziwa kuti paini amakana kupindika katatu kapena kanayi kuposa chipboard. Kathabwa kameneko pakokha, kakaimikidwa, kamalimba pafupifupi kanayi kuposa thabwa lonse la mamilimita 16, ndipo kakagonekedwa kamataya magawo atatu mwa anayi a mphamvu imeneyo. Ndiye kuti njira yawoyo ndi yabwino ndithu, ndipo ili ndi ubwino wakuti siidya malo a mabuku.

Kasanjidwe ka mabuku sikafuna ndalama. Olemera kwambiri akhale pathabwa lapansi, ndipo pathabwa lililonse aakulu akhale kumapeto, pafupi ndi matabwa am'mbali, opepuka ndiwo akhale pakati, chifukwa buku lomwelo limapinda thabwa kwambiri likakhala pakatikati kusiyana ndi likakhala m'mbali.

Yankho la mayi wosunga mabuku pa ofesi ya mpingo, Senga Bay

Abambo awiriwa akamba za kulemera, koma Mayi aphunzitsi anatchulanso za kufufuma kwa kumunsi, ndipo mwa zimene ndaona posunga mabuku a nyimbo, makaundula ndi Mabaibulo m'chipinda choyandikana ndi nyanja, shelefu za m'katoni zimayamba kufera kumapazi. Thabwa lopindika pakati likhoza kusenzabe mabuku zaka zambiri, koma phazi likafufuma n'kuyamba kunyenyeka, shelefu yonse ilibenso poimira.

Madzi amalowera m'mphepete mmene simunakutidwe. Mukatsegula katoni yachiwiriyo, tengani thabwa lililonse muliyang'ane mbali zonse, ndipo mupeza kuti opanga anakuta kutsogolo kokha kumene kumaoneka, pamene kumbuyo, kumapeto ndi kunsi kwa mapazi utuchi uli pamtunda. Kuno timakolopa tsiku lililonse chifukwa cha mchenga ndi fumbi, ndipo madzi ochepa amene amatsalira pa simenti amakwera m'phazi la shelefu mmawa uliwonse. Guluu amene amagwiritsa ntchito popanga chipboard yotsika mtengo salimbana ndi madzi, ndipo tizidutswa tija tinapanikizidwa tikangofufuma sitibwereranso mmene tinalili ngakhale thabwa litaumitsidwa padzuwa la mu Okutobala. Pali mtundu wina wa chipboard ndi MDF (thabwa linanso lopanikizidwa, la utuchi wosalala kwambiri) umene unapangidwa kuti uzipirira chinyezi, ndipo kawirikawiri umaoneka wobiriwira mkati, koma mashelefu otsika mtengo sapangidwa ndi umenewo.

Choncho musanalumikize, pakani vanishi kapena penti wa mafuta m'mphepete monse mmene utuchi ukuonekera. Ulendo woyamba thabwa limamwa wonse n'kuoneka ngati simunapake, ndiye dikirani liume, mupakenso kachiwiri ngakhale kachitatu, makamaka kunsi kwa mapazi. Penti wosungunula ndi madzi musamugwiritse ntchito pamenepa, popeza madzi akewo ndi amene tikuthawa. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto monga amachitira ndi mitengo ya mpanda, koma pa shelefu ya mabuku ayi, chifukwa fungo lake limalowa m'mapepala ndipo amathimbiriritsa zikuto.

Kenako shelefu isakhale pa simenti penipeni. Ife tinaika zidutswa za matailosi pansi pa matabwa am'mbali ndi pakati pomwe, ndipo njerwa zokutidwa ndi pulasitiki kapena timapazi ta pulasitiki togula zimagwiranso ntchito. Zonse zikhale zofanana msinkhu, chifukwa simenti ya m'nyumba zambiri si yosalala, ndipo shelefu imene phazi lake limodzi lili m'malere imapotoka yokha ikangosenza katundu.

Khoma lakunja limene mwatchulalo likundidetsa nkhawa. Ku Nkhotakota mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kutha, ndipo khoma la njerwa limene mvula imawomba limasunga chinyezi milungu yambiri, n'kumachipereka kwa chilichonse chimene chalitsamira. Mukaika dzanja pakhomalo m'mawa m'nyengo ya mvula mumva kuzizira, ndipo mwina muona pulasitala akuyoyoka chakumunsi. Ngati n'kotheka samutsirani mashelefuwo kukhoma lamkati losayandikana ndi bafa, kutali ndi zenera lolowetsa mvula kapena dzuwa, ndipo musiye mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa shelefu ndi khoma kuti mpweya uziyenda. Mpata umenewu umathandizanso pa chiswe, chifukwa mumaona msanga njira yake ya dothi ikamakwera pakhoma, chisanafike m'mabuku. Yang'ananinso malata a pamwamba pake, popeza bowo limodzi la msomali lodontha likhoza kuwononga thabwa lapamwamba m'nyengo imodzi ya mvula. Pofumbula shelefu, kansalu kouma ndi kokwanira.

Chomaliza ndi chakuti shelefu yotalika masentimita 180 imangiriridwe kukhoma chapamwamba, makamaka mukaikweza pa matailosi ndiponso ngati m'nyumba muli ana amene amakonda kukwera. Akuluakulu a kuno ku Salima amakumbukira chivomerezi cha mu Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri ndi kupha anthu m'boma lino, ndipo dera lonse la m'mphepete mwa nyanja limagwedezeka nthawi ndi nthawi. Kuti mpata wa mpweya uja usatsekeke, ikani kachidutswa ka thabwa pakati pa shelefu ndi khoma pamene mwamangirirapo.

Mphunzitsi wa ku Nkhotakota boma akufunsanso

Zikomo kwambiri nonse atatu, ndapindula zedi. Ndatsala ndi zovuta ziwiri zimene mwina aphunzitsi anzanga ambiri ali nazo. Nyumba imene ndikukhala ndi ya lendi, ndipo mwini wake safuna kuti khoma liboolidwe. Komanso ife timasamutsidwa nthawi iliyonse, ndipo ndinasankha shelefu yam'katoni kuti tsiku losamuka ndidzaimasule n'kuinyamula mosavuta, choncho ndikuopa kuti ndikathira guluu ndi masikuluu paliponse ndidzakhala nditataya ubwino umenewo. Ndikupemphanso kuti wina andiyankhe mwachindunji za kutembenuza matabwa kumene mnzanga anandiuza, ndi za shelefu yoyamba ija: matabwa opindika kalewo ndi phazi lofufumalo ndichite nazo chiyani?

Kalipentala wa ku Kamuzu Road akuyankhanso

Mayi, pa nkhani ya kusamuka, guluu muthire pokhapo pamene sipadzafunika kumasula. Kathabwa ka paini ndi thabwa lake loikapo mabuku zikhoza kumatidwa, chifukwa zidzayenda limodzi ngati chinthu chimodzi, koma pamene matabwa am'mbali akukumana ndi lapamwamba kapena lapansi musathirepo guluu. Plywood yakumbuyo muimange ndi masikuluu aafupi m'malo mwa misomali, kuti tsiku losamuka mudzangopotokola. Dziwani kuti bowo la sikuluu m'thabwa la chipboard limafooka ulendo uliwonse mukamasula, choncho pomanganso kumalo atsopano, bowo limene lakula mulilowetse timitengo ta machesi topakidwa guluu, ziume, kenako mulowetse sikuluu. Lembaninso manambala ndi pensulo kunsi kwa matabwa kuti lililonse lidzabwerere pamalo pake. Paulendo, matabwawo amangidwe pamodzi atagona ndipo akutidwe ndi pulasitiki, chifukwa mvula ya pamsewu wa M5 ikawapeza pamwamba pa galimoto ntchito yonse ya vanishi ija sidzawapulumutsa.

Za khoma, yesani kukambirana ndi eni nyumba, muwaonetse kuti ndi mabowo awiri okha a mamilimita 6 kapena 8 amene amatsekeka ndi simenti yochepa potuluka. Akakanitsitsa, popeza nyumbayo ilibe siling'i, mukhoza kumanga waya wolimba kuchokera pamwamba pa shelefu kukafika ku thabwa la denga limene lagona pamwamba pa khoma, ndipo pansi pa mapazi akutsogolo muwonjezere kachidutswa kopyapyala kuti shelefu iweramire pang'ono chakukhoma osati chakuchipinda. Mabuku olemera akakhala pansi monga anenera aphunzitsi a ku Dwangwa, nawonso amathandiza kuti isagwe.

Kutembenuza kumathandiza pang'ono, koma sikulimbitsa thabwa. Likatembenuzidwa limawongoka, kenako limayamba kupindikira mbali inayo, ndipo mudzakhala mukutsitsa ndi kukweza mabuku chaka chilichonse. Kumathekanso pamatabwa okhawo amene amangokhala pa tizitsulo, okutidwa mbali zonse ziwiri ndiponso opanda timipata tosemedwa kunsi kokha. Potembenuza, mapeto akumanja apite kumanzere, kuti m'mphepete mokutidwa mukhalebe kutsogolo.

Matabwa atatu opindika aja akhoza kupulumuka ngati sanafufume. Achotseni, muwagoneke pansi posalala ndi pouma, nsana wake uli m'mwamba, muwasanjikize njerwa kapena malimu a mapepala aja kwa masiku angapo, ndipo musawanyowetse kapena kuwaika padzuwa pofuna kufulumizitsa. Akatsala pang'ono kuwongoka, akhomereni kathabwa ka paini atatembenuzidwa, kuti kupindika kotsalako kuloze m'mwamba, ndipo yambani ndi sikuluu wapakati musanapite kumapeto. Painiyo akhale wouma ndithu. Mukamagula, munyamule matabwa awiri ofanana muyerekeze, wolemera kwambiri ndi wozizira m'manja ndiye wosauma, ndipo utuchi wake pocheka umagwirana m'malo moyoyoka. Ngati mwapeza wosauma yekhayekha, muunjikeni pamthunzi podutsa mphepo, timitengo tili pakati pa thabwa ndi linzake, kwa milungu ingapo musanamugwiritse ntchito.

Phazi lofufumalo silingabwerere, monga anenera Mayi a ku Senga Bay. Likanikizeni ndi chala kuchokera pansi kukwera m'mwamba kuti mupeze pamene thabwa layambira kulimba. Ngati powonongekapo sipanafike pa mabowo a thabwa lapansi, kalipentala aliyense wa pamsika wa Nkhotakota akhoza kucheka mbali zonse ziwiri mofanana, mupake vanishi pochekedwapo, ndipo shelefuyo ikhale pa chimango cha paini kapena bulugamu chokwera masentimita 7 kapena 10. Ngati kufufumako kwafika pa mabowowo, matabwa awiri am'mbali okhawo ndiwo asinthidwe ndi blockboard (thabwa la timitengo tomatidwa pakati pa timatabwa topyapyala) kapena paini wouma, kalipentalayo atengere mabowo pa akalewo, ndipo matabwa oikapo mabuku pamodzi ndi tizitsulo tonse mugwiritsenso ntchito zomwezo.